Mabotolo a Alamu

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana onse. Kuno tilipo, tikupuma. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa makoma a nyumba ino ndi opyapyala, ndipo alamu athu, akazi a achimwene, makutu awo sadutsitsa kanthu.

Chiyambireni kuonera timavidiyo ta pa foni ta azimayi okonza m'nyumba, alamu asanduka katswiri wa chilichonse. Botolo la pulasitiki sititayanso muno. Amalidula, kulipaka penti, n'kutiuza kuti ndi duwa. Pabalaza padzaza maluwa otero, osanunkhira, ongokoka fumbi, ndipo wopukuta fumbilo ndine. Mathireyi a mazira anawapenta chikasu n'kuphimbira babu, moti madzulo tonse timaoneka ngati odwala. Masokosi a ana amawakulunga n'kuwalowetsa m'timapaipi totsala ta mapepala a kuchimbudzi, ndipo mwana akasolola imodzi, zonse zimakhuthukira pansi. Kukhitchini botolo la shuga analilemba kuti SHUGA, la mchere MCHERE, ngati kuti zaka zonsezi tinkathira mchere mu tiyi.

Loweruka amaphika mabisiketi ooneka ngati nyenyezi, owaza timikanda ta shuga ta mitundumitundu. Palibe wololedwa kugwira mpaka atajambula. Ukaluma ndi pomwe umadziwa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kulimba kwake ungakhomere msomali. Galu wa aneba ananunkhiza imodzi n'kubwerera kwawo. Koma achimwene amatafunira m'mbali mwa kamwa, misozi ili lengelenge, n'kumati, "Koma ndiye mwaphikatu, amayi a ana!" Mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, Achemwali, ndimachita kumumvera manyazi.

Zonsezi ndikanangoseka n'kuzisiya. Koma manja a alamu afika m'galaja, pa tebulo lomwe Bambo amasokerapo nsapato. Mukulidziwa inu tebulo lija: zitini za mkaka zadzimbiri, misomali ing'onoing'ono m'chitini chopindika, ulusi wakuda wokoleka kumanja, wofiirira kumanzere chakuwindo, mpeni pansi pa chidutswa cha tayala. Kwa ife unali mulu wa zinyalala, koma Bambo dzanja linkangopita lokha, iwo akucheza ndi kasitomala osayang'ana n'komwe.

Mwezi wathawu Bambo anapita kukazonda mnzawo kuchipatala. Atangotuluka pageti, alamu anabwera ndi katoni ya mabotolo a jamu.

"Anti, lero tiwachitira adadi sapulaizi," anandiuza. "Malo awa amandichititsa manyazi alendo akabwera."

Apa ndisakubisireni, mabotolowo anatsuka ndine. Munthu wosowa ntchito, wogona m'nyumba ya eni, ukatumidwa umangoti chabwino. Alamu anasankha misomali potengera kutalika kwake n'kuiika m'mabotolo ofanana ndendende. Ulusi anaundandalika ngati utawaleza, mipeni anaikoleka pathabwa, ndipo botolo lililonse analimata kapepala kolembedwa bwino, kokhala ndi kaliboni. Zitini za Bambo anazipaka penti ya pinki n'kudzalamo maluwa pakhonde.

Bambo atafika, alamu anali ataima kale pakhomo ndi foni m'mwamba. Bambo anaima pa tebulo lawo kwa kanthawi. Anatambasula dzanja, kukhudza botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu, onse osalala mofanana. Kenako anati, "Zikomo mayi, mwagwira ntchito." Kavidiyo kameneko akuti kanakondedwa ndi anthu ambirimbiri, ndipo alamu anatiwerengera ndemanga zake mpaka chakudya kuzizira.

Sipanatenge nthawi. Nesi wina anabweza nsapato zake zakuda zosokedwa ndi ulusi wofiira. Mphunzitsi wa kuseri kuja anabwera akutsimphina, msomali wautali utatulukira m'kati n'kumubaya chidendene. Kenako Bambo anadzicheka chala pofufuza mpeni pathabwa paja, magazi mpaka pa malaya. Achimwene analowa m'galaja atapsa mtima.

"Bambo, chavuta n'chiyani? Si zonse zalembedwa apa?"

Bambo anangofinya chala chawo chochekedwacho.

"Tawerengani apa," achimwene anatero, akuwapatsa botolo.

Bambo analibweretsa pafupi ndi mphuno, kulitalikitsa, kulitembenuza, kuligwedeza pang'ono chakukhutu. "Misomali," anatero motsitsa mawu.

Munali timphete topisamo zingwe za nsapato, Achemwali, ndipo zilembo zake zinali zazikulu ngati chala changa. Bambo saona. Tinawatengera kuchipatala, ndipo adokotala akuti maso anayamba kuchita chifunga kalekale, ndipo pomwe afikapa mankhwala angochedwetsa chabe. Nthawi yonseyi ankaona ndi manja, pa tebulo lawo lomwe chilichonse chinali ndi pokhala pake. Ife tonse, ana awo obereka, sitinazindikire kanthu.

Mukudziwa zomwe alamu ananena titabwerako kuchipatala? "Mwaonatu? Pakanapanda ine bwenzi tisakudziwa." M'maso muli gwa! Chondiwawa kwambiri n'chakuti sakunama, ndipo azitikumbutsa mpaka kumanda.

Tsopano achimwene agamula kuti mwezi uno ukatha, Bambo asiye kusoka ndipo zida zipite kwa wina. Akuti akuopa ngozi. Mwina n'zoona, koma m'mawa mwake ndinapeza alamu m'galaja ndi tepi, akuyeza khoma. Akuti mukhala situdiyo yojambulira zaluso zawo, chifukwa windo lake limalowetsa kuwala bwino. Kuti Bambo asasowe chochita, anawakhazika pakhonde ndi beseni la zitsekerero za mabotolo zobowola, kuti azitunga pachingwe, akuti ikhala katani ya kukhitchini. Munthu amene anatilera atatu ndi singano ndi nyundo, lero azitunga zitsekerero ngati mwana wa kumkaka! Ankatunga osadandaula, koma chakudya anayamba kubweza mbale ili yodzaza, ndipo wailesi yawo anasiya kutsegula.

Lolemba la sabata yatha alamu atapita kukagula penti, mtima wanga unakana. Ndinazula maluwa aja, kutaya dothi, kutsuka zitini n'kuzibwezera m'galaja. Mabotolo onse ndinawakhuthulira pa tebulo mulu umodzi, kenako ndinakawagwira dzanja Bambo. Atakhudza muluwo anandifunsa kuti, "Iwe, ukufuna kuthamangitsidwa pano?" Ndinati ayi. Anakhala pampando wawo, zala n'kuyamba kuyenda. "Chitini chopindika chija chili kuti? Bweretsa kuno. Ayi, osati apo, chimakhala pafupi ndi guluu." Pofika masana chilichonse chinali chitabwerera pamalo pake, ndipo anandikalipira kawiri chifukwa chowaimira pomwe amaponya nyundo. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo.

Alamu atabwera analirira maluwa awo ngati kwagwa maliro. Achimwene sakundilankhula, kupatula kundiuza kuti ngati ndatopa ndi nyumba yawo, geti ndi lotsegula, ndiponso kuti zomwe anagamula sizisintha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ndinu chisamba, ndipo achimwene munthu amene amamuopa padziko pano ndinu nokha. Aimbireni mwezi usanathe. Auzeni kuti zodula ndi mpeni ndizidula ine, mtundu wa ulusi ndiziona ine, koma kusoka awasiyire Bambo. Situdiyo akaitsegule kuchipinda kwawo, kapena atenge changa, ine ndigona pabalaza pakati pa maluwa a pulasitiki. Akawalanda tebulo lija, Bambo sitikhala nawo nthawi yaitali, ndipo ndikunena izi ndikuwaona ndi maso anga.

Ana akupereka moni kwa anzawo. Alamu akuti akutumizirani mabisiketi wina akamabwera kumeneko, ndiye musamale mano. Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo andiletsa kutchula za maso. Akuti, "Umuuze kuti ndili bwino, ntchito ikuyenda. Ngati ali ndi nsapato zakutha atumize, ndimusokera ulere." Ntchito siikuyenda, Achemwali. Nkhani ya ulusi wofiira inafalikira msewu wonse. Nsapato zanga asoka zonse, za ana nazonso zatha. Amadzuka m'mawa, kutsegula chitseko cha galaja, kukhala pa tebulo n'kumamvetsera mapazi a anthu odutsa, koma palibe amene akukhota.

Tumizani nsapatozo. Ngati mulibe yong'ambika, tengani yabwino muing'ambe.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Mzime