Kalongonda wa Ola Limodzi

Lachinayi. Chiperoni kuyambira m'mawa, nane mtima suli m'malo.

Magazini ya ku Blantyre yafika lero, ndipo nkhani yanga ya kaphikidwe ka kalongonda yatuluka. Ndinalemba monga anandiphunzitsira azakhali: kuwiritsa tsiku lathunthu, n'kumataya madzi akuda aja mobwerezabwereza. Akonzi adula zonsezo kuti chithunzi chikwane. Angosiya zoti "wiritsani kwa ola limodzi", dzina langa lili pamwamba.

Ndawaimbira foni. Akuti, "Anthu a m'tauni makala a tsiku lonse awatenga kuti? Tikonza mwezi wamawa." Mwezi wamawa! Kalongonda wosapsa ndi poizoni, mwana aliyense wa Chilomwe amadziwa.

Azakhali ndawawerengera atangobwera kothyola tiyi, zovala zili chinyowere. Sanakalipe. Angofunsa kuti, "Wanditchula ine m'menemo?" Ndinawatchula, mzere woyamba weniweni.

Kalata ya ogula tiyi imene amanijala a kuesiteti kumene ndimagwira ntchito akuidikira sindinaigwire n'komwe. Ndikungoona mayi wina ku Limbe amene wandikhulupirira, akuyang'ana wotchi, ana atagwira kale mbale. Mawa ndikwera minibasi yoyamba ya ku Blantyre kukaonana ndi akonzi, koma makope amene agulidwa kale aja sindingathe kuwabweza.