Dzenje la Priska m'Khwawa

9 de Outubro, 1987

Tadulanso mitengo. Tsiku la seis, lachisanu ndi chimodzi. A komandante akuti phiri lonse la kumtunda kwa mudzi limetedwe mpala, zigawenga za matsanga zikamatsika zizionekera patali. Masuku, mbawa, misolo, zonse pansi. Manja matuza okhaokha. A Firmino a kutchalitchi anangoti, "Mizu ndiyo imagwira dothi, ana inu, mudzamwa matope." Asilikali awamenya ndi mfuti kumsana, ife tikuona.

Mwamuna wanga Adriano akadali ku Metangula ndi amilisiya a boma. Kalata palibe. Ndili ndekha ndi mwana, Priska.

27 de Outubro

Afikanso ena othawa nkhondo kuchokera ku Maniamba, ndi mbuzi zawo. Kudyetsa kutali nkoletsedwa, ndiye mbuzi zonse paphiri pomwepo. Zadya mphukira, zazula ndi udzu womwe. Mphepo ikawomba fumbi lofiira mpaka m'mano. Mchere watha.

Ndakumba dzenje m'mbali mwa khwawa louma, monga achitira amayi anzanga. Chitsulo cha alarme chikalira ife tili kumunda, ana azithawira m'menemo. Ndamuuza Priska: ulowe, utseke ndi nthambi, usatuluke mpaka ndikuitane ine. Ine ndekha. Zaka quatro, zinayi zokha, koma amamva.

15 de Novembro

Ndamuyesa Priska. Ndinatuma Saquina, mnansi wathu, akamuitane ngati mlendo. Anatuluka akuseka. Ndamukwapula mpaka miyendo kutupa. Matsanga nawonso amaitana mokoma, ndi shuga m'manja. Analira osatulutsa mawu. Ndikungofuna akhale moyo basi. Ambuye ndikhululukireni.

4 de Dezembro

Mvula yoyamba kuphiri, kuno dzuwa. Kale khwawa linkadzaza pang'onopang'ono, masiku awiri atatu, madzi oyera oti nkumwa. Lero kamvula ka ola limodzi, madzi m'mawondo, ofiira, othamanga. Munda wa chinangwa wang'ambika pakati, dothi labwino lapita kunyanja. Dzenje lanyowa pakhomo.

Ndilisamutse. Koma kuti? Tchire kulibenso, paliponse poyera ngati pabwalo. Ndiona Sabata.

9 de Dezembro

Sindingathe

11 de Dezembro

Ndilembe, mutu ungasweke.

Lachitatu masana ndili kumunda chitsulo chinalira. Ana onse kukhwawa. Kenaka mkokomo kuchokera kuphiri ngati kamiyao, chilole chachikulu. Si mfuti ayi. Madzi, matope, zitsa, mbuzi zikugubuduzika. Ndinathamanga, khasu sindidziwa ndinataya pati.

Saquina anali pafupi. Anakuwa, ana ena anatuluka m'maenje nakwera kumtunda. Saquina anaitana Priska katatu. Akuti anamumva bwinobwino akuyankha m'katimo: "Si amama."

Matsanga sanabwere nkomwe. Amene msilikali woliza chitsulo anaona paphiri anali amayi otola nkhuni.

13 de Dezembro

Tamupeza pomwe khwawa limathirira m'nyanja, pakati pa bango. Dothi m'kamwa, m'makutu. Ndamusambitsa ndekha. Zipsera za mkwapulo zija zinali zisanathe.

Thabwa la bokosi palibe, mitengo yonse anaotcha. Tamukulunga m'mphasa.

14 de Dezembro

A sekeretaliyo a mudzi abwera ndi buku. Alemba kuti anafa chifukwa cha ma bandido, matsanga aja. Anati, "Mayi, inu munapita kusukulu, sainani apa." Ndasaina.

Boti la asodzi linyamuka mawa kupita ku Metangula. Adriano sanamve. Pepala lili apa kuyambira m'mawa. Ndalemba "Bambo a Priska," basi. Akafunsa kuti bwanji sanatuluke