Katoni ya Abwana Pansi pa Bedi Langa

Lolemba, 9 Januwale 1984

Abwana ndi adona abwerako ku holide, kunyanja ya mchere. Onse psuu ndi dzuwa. Galimoto mchenga wokhawokha, wotsuka ndine. M'buti mwake thabwa lakuda lolemera, la misomali yobiriwira, ndi katoni ya maapozi yomanga ndi chingwe. Akuti mafunde akhala akudya gombe chaka ndi chaka, tsono mchenga wakokoloka, patulukira nthiti za chombo chakalekale. Aliyense amangozula chimene wafuna. Thabwa alikhoma pabalaza. Katoni adona aikana, ati isalowe m'nyumba mwawo. "Zakeyu, ikhale kaye kuchipinda kwako." Kachipinda kanga ka kuseri ndiye dzala la zonse zimene azikana.

Lachitatu, 11 Januwale

Ndamasula chingwe. Ndikanaleka. Chibade cha munthu, chofiirira, mano ochepa, mchenga m'maso. Chipewa ndangozindikira chili kale m'manja.

Ndawafunsa abwana ndikuthirira maluwa. Aseka. Ati mwini wake anafa agogo anga asanabadwe, mwina woyendetsa chombo, mwina kapolo wotengedwa ku Mozambiki. Ati ndisauze munthu, boma sililola kutola zoterezi. Choletsedwacho ndiye achigoneka pansi pa bedi la ine.

Lamulungu, 15 Januwale

Potuluka m'tchalitchi ndawanong'oneza Abambo Chakufwa, mkulu wa mpingo, amene akhala ku Pretoria North ine ndisanamere ndevu. Anaima chilili pamsewu. "Munthu sasungidwa m'katoni, mwana wanga. Komanso waiwala mmene amatinenera kuno? Ati ife Manyasa ndife odula anthu zizimba. Chichotse."

Ndichichotsa bwanji, si changa? Ndikataya, ntchito yatha, chipinda chatha, sitampa ya pa pasi yanga yondilola kukhala kuno yatha. Esnat mkazi wanga akudikira ya malata ku Ntcheu. Kwa eni kulibe mkuwe.

Chibade ndachifunditsa kansalu koyera. Chisoni chandigwira. Nayenso anachoka kwawo atanena kuti abwera.

Lachinayi, 19 Januwale

Malita wochapa zovala analowa m'chipinda mwanga kufuna tsache, ine ndikudulira mpanda. Ndinangomva kukuwa. Ndafotokoza za chombo, za mchenga, za abwana, zonse. Sanandiyang'ane n'komwe. Bambo ake anali a ku Mulanje, Chichewa amamva bwinobwino, koma lero wandiyankha m'Chisutu chokha. Tiyi wandiikira pansi pakhomo, ngati wa galu.

Loweruka, 21 Januwale

Ku Mamelodi, lokeshoni ya anthu akuda kuno ku Pretoria, kwasowa mwana. Aliyense akuti zizimba. Antchito a mumsewu wathu muno mu Brooklyn ayamba kuwoloka akandiona. Amos wa nyumba yoyandikana nafe, mnzanga wa bawo, walankhulira kuseri kwa mpanda, nkhope osaonetsa: "Eish, achimwene, Malita wayankhula. Khalani maso."

Ndawachonderera abwana atenge katoni yawo. "Sabata yamawa, usandivute." Ali ndi alendo a gofu.

Buledi sakulowa. Ndili ndi mantha, ndinene zoona.

Lachiwiri, 24 Januwale

Ndinafuna kukumba patsinde pa mndimu, ndimuike mwini chibadeyu mwaulemu, ndi pemphero. Khasu ndinatenga. Koma dothi latsopano limaoneka, ndipo chibade chokwiriridwa ndi Mnyasa chingaipe kuposa cha m'katoni. Ndipite nacho ndekha kupolisi? Munthu wakuda, mutu wa munthu pamiyendo, m'basi. Khasu ndabweza.

Chondipulumutsa ndi pakamwa pa abwana basi. Zaka zonsezi sindinawabere ngakhale ndimu lakugwa lokha. Ana awo ndinawaphunzitsa njinga ndine. Adzanena. Ayenera kunena.

Polowetsa nkhuni ndaona pabalaza thabwa lija palibe. Patsala mabowo a misomali. Ndafunsa adona, ati thabwa liti?

Lachitatu, 25 Januwale

Veni ya polisi pageti, nthawi ya tiyi. Azungu awiri ndi wakuda mmodzi. Malita waima pakhomo la khitchini, manja m'epuloni. Apolisiwo aima pakhonde ndi abwana, pafupi ndi zenera langa. Chibunu chimene akulankhulacho ndimamvako. Afunsa za katoni. Ndatchera khutu.

Abwana ayankha modekha, ngati akuitanitsa khofi. "Kuchipinda kwa boyi ine sindilowako. Zimene amasunga sindizidziwa."

Ndavala jekete la kutchalitchi. Pasi m'thumba. Kothawira kulibe, mpanda ndinaukweza ndekha. Akubwera, akuponda kapinga amene ndatchetcha m'mawa uno.

Esnat, ine sindinaphe munthu. Ndinangomupatsa pogona, ndipo