Ng'ombe sinawamve atate

Loweruka, Novembala 1956. Mtima ukundiwawa lero.

Mvula inagwa dzulo, ndiye m'mawa tinapita kukalima kumunda wa ku Kasisi. Atate anakakamira kuti amange okha ng'ombe, koma goli linawakanika kunyamula. Atapinda malaya ndinaona mikono yawo, khungu likungolendewera pamene kale panali mnofu. Ndinawathandiza osawayang'ana kumaso.

Koma chandipweteka kwambiri ndi mawu awo. Kale akakuwa ali kudambo, amayi ankamva ali pakhomo. Lero Bulaki, ng'ombe imene anailera okha kuyambira ili thole, inasiya mzere. Anaiitana katatu, koma kunkangotuluka kampweya konjenjemera, ndipo sinatembenuke n'komwe. Ine nditangoti "Bulaki!" kamodzi, inabwerera.

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa chikwapu. "Tenga, mwana wanga. Ine nikapumuleko pamthunzi."

Amayi akuti ndi chimfine, chidzatha. Chimfine chanji cha zaka ziwiri? Madzulo atate adya pang'ono. Ndikanadziwa, ndikanangokhala chete, ng'ombeyo n'kupita kumene imafuna...