Mipata Isanu ndi Iwiri Imene Abwana Anadzaza Okha

Aphungu,

Ndimagwira ntchito pa kampani yochapa zovala za m'mahotela, ndipo udindo wanga ndi kulemba timabuku ta malangizo a makina. Mwezi watha tinagula boila yatsopano yotulutsa nthunzi yositira, ndipo anandiuza kuti ndilembe kabuku ka kayendetsedwe kake.

Ine si injiniya, Aphungu. Paliponse pofunika nambala, monga mphamvu ya nthunzi imene munthu ayenera kutsekera vavu ya paipi, ndinkasiya mpata podikira injiniya wathu, mayi amene ali pa tchuthi cha uchembere.

Tsoka langa ndi abwana, amene timawatcha a Bolopeni. Sangaone pepala patebulo osalimwetsa inki yofiira. Lachiwiri anatola zolemba zanga ine ndikuona. Ndinati, "Bwana, sizinathe izo." Iwo anati, "Mwana wanga, chosatha ndi chimene chimafuna diso la munthu wamkulu."

Mapepalawo anabwerera ali psuu ngati achita ngozi. Chizindikiro cha kampani anachisunthira kumanja, kenako kumanzere. Tsamba la machenjezo anachotsa, akuti likuopseza antchito. Mipata yanga isanu ndi iwiri anadzaza yonse. Nditafunsa kumene atenga manambalawo anati, "Boila ndi boila. Yakale ija ndakhala nayo zaka khumi." Zoona, ankaionera pawindo la ofesi.

Pano kabukuko kadindidwa, kapachikidwa pakhoma pafupi ndi boila, dzina langa lili pansi. Lolemba akuyatsa boilayo. Woyatsayo ndi bambo wachikulire amene amanditcha "aphunzitsi". Dzulo anandiimitsa pageti akumwetulira, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, manambala anu aja ndaloweza onse!"

Kontirakiti yanga ikutha mwezi uno, ndipo woisainira ndi a Bolopeni. Mnzathu amene anawatsutsapo pa msonkhano, mpando wake pano timaikapo mafailo. Mkazi wanga akuti, "Khalani chete, bambo a mwana, boila si yanu." Ndichite chiyani?

G.N., m'tauni muno

Okondedwa G.N.,

Abwana anuwo ndimawadziwa, ngakhale sindinawaonepo. Ofesi iliyonse ili nawo. Mpata papepala amauona ngati chitseko chosatseka, ndipo amakhulupirira kuti makina amamvera chidindo. Boila siwerenga siginecha, achimwene. Ikakwiya siifunsa kuti wamkulu ndani.

Musadikire Lolemba. Lero lomwe pitani kwa bambo aja mukawauze maso ndi maso kuti manambalawo si a injiniya, asayatse. Kenako imbirani mayi injiniya. Inde, ali ndi khanda, koma angakonde kusokonezedwa ndi foni yanu kusiyana ndi ya apolisi. Atumizireni chithunzi cha kabuku ka pakhomako, akuyankheni molemba, ndipo yankholo mulisunge pa foni yanuyanu.

Kwa a Bolopeni mupite nokha, chitseko chotseka. Musanene kuti analakwitsa, munthu wotere salakwa, amangonamizidwa ndi ena. Nenani kuti, "Bwana, injiniya watumiza manambala a boila yatsopanoyi, ndiye ndati muyambe mwawaona inu." Asiyeni akadzitame nawo pa msonkhano. Mutaye chitamando, musataye munthu. Akakana, lemberani akuluakulu awo tsiku lomwelo.

M'tsogolo, tsamba lililonse losatha muzililemba SICHINATHE kuchokera ngodya kufika ngodya, ndipo pa mpata muzilemba dzina la amene mukumudikira. Muziwasiyiranso abwanawo kanthu koti akonze, kaya mtundu wa chikuto, kuti bolopeni ikhute isanafike pa manambala.

Sindikunamizani: mutha kuchita zonsezi mwaulemu, ntchito n'kuthabe. Kontirakiti zambiri zathera pa choonadi chochepa kuposa ichi. Akazi anu akunena zoona kuti boila si yanu. Koma dzina limene lili pakhoma paja ndi lanu, ndipo bambo aja sanaloweze manambala a a Bolopeni. Analoweza a aphunzitsi. Kufunafuna ntchito n'kowawa, koma n'kopepuka kusiyana ndi kukawaona bambowo kuchipatala, iwo n'kukufunsani kuti analakwitsa nambala iti.

Aphungu