Ulusi wa Ukonde Pachikope cha a Shafi

Makokola, Mangochi
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Hafiz,

Salaam aleikum. Pa foni sindingalankhule, apongozi sakuchoka pakhonde, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi dalaivala wa minibasi ya ku Namwera. Ana ali bwino, koma ine achimwene madzi afika m'khosi.

Mukukumbukira kanjerewere kolendewera kaja pachikope cha alamu anu a Shafi? Anandikwatira ali nako, eniake sanadandaulepo. Ndine ndinkawavutitsa, poti azimayi a padoko amandiseka, ati mwamuna wanga akuweta nkhupakupa. Lachiwiri lapitali ndinawanyengerera mpaka anagona pamphasa. Ndinatenga ulusi wa ukonde, wanayiloni uja, n'kukamanga zolimba monga tinkachitira ndi tija ta pakhosi pa amayi. Ndinkati masiku atatu kagwa kokha. Sikanagwe ayi, kanangoda. Lachisanu ndinatenga lezala. Ndinaphonya, ndinadula ndi chikope chomwe, mfundo ya ulusi n'kutsalira m'bala.

Lero diso latupa, latsekeka, likuchucha mafinya. Inu mukudziwa kuti a Shafi ndi siginala, wotsogola uja ndi nyali kuti aone pamene pali usipa. Ntchito yawo yonse ndi maso. Ndani angapatse bwato siginala wa diso limodzi?

Chikundidya kwambiri n'chakuti pofuna kundibisa, anauza amayi awo kuti anangodzuka nalo. Ndiye apongozi akuti anzawo a kunyanja awalodza chifukwa cha nsanje. Akufinyiramo masamba m'mawa ndi madzulo, kuchipatala akana kwamtuwagalu, ati jakisoni pa matenda olodzedwa amapha. A Shafi sawatsutsa amayi awo, mukuwadziwa. Dzulo nditatchulanso chipatala, apongozi anandiyang'anitsitsa.

"Iwe ukudziwa chiyani chimene ife sitikuchidziwa?"

Ndinangothawira m'nyumba, achimwene. Ndine wamantha, ndipo ndikudzida.

Ndiulula, koma ndikaulula ndili ndekha andithamangitsa ndisanamalize mawu, diso n'kutsalabe m'masamba. Inu ndinu mwini mbumba, mawu anu awamva. Chonde bwerani mawa, nazale yanu ya fodya siifa ndi tsiku limodzi. Mudzandikalipire pamaso pawo mmene mungafunire. Ngakhale ukwati uthe, uthe, bola munthuyu akwere njinga akaonedwe ndi adokotala ku boma. Aliyense amene ndikumufunsa mozungulira akuti diso silichedwa kufa.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma musawauze, mtima wawo uja. Moninso kwa alamu ndi ana.

A Shafi nawonso akupereka moni. Andipeza ndikulemba, ndawanamiza kuti ndikupempha mbewu ya chimanga. Akuti ndikuuzeni kuti musavutike n'kubwera, iwo ali bwinobwino, ndipo mlongo wanu akuwasamala kwambiri.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Amida