Unyolo Umene Ndinagulira Harvey

Lolemba, 11 Januwale 2021

Amuna anga, a Paterson, anabwerera ku mgodi Lachinayi. Akuti ulendo uno achedwa, korona yatalikitsa mashifiti. Nyumba ino ya ku Armadale, kuno ku dziko la azungu, ili zii. Filiji yokha ndiyo ikulira.

Masana anaimba alamu anga, a Gladness, ali ku chipatala kumene amagwira unesi. Nditati ndiyankhe, mawu osatuluka. Kukhosi ngati kwachita dzimbiri. "Mlamu, ukudwala?" Ayi. Kungoti chichokere achimwene awo sindinayankhule ndi munthu.

Anaimbirana ndi a Paterson, nkugwirizana okhaokha zoti ndipeze galu. Ndinati chabwino, tipempha kwa ndani? Kwathu ku Dowa umangopita kwa neba, nkutola kamodzi mwa tiana, basi. A Gladness anaseka mpaka kutsokomola. "Kuno agalu anatha, mlamu. Chiyambire matendawa aliyense akufuna galu. Pali mzere."

Agalu kutha! Ngati shuga m'golosale.

Loweruka, 16 Januwale

Ndabwerako. Mutu sukugwira.

A Gladness ananditengera kumalo kumene amasunga agalu osiyidwa ndi eni ake. Kulowa nkopangana tsiku, ngati kwa dokotala. Agalu ali ndi mabedi. Mabulangete. Wina amamwa mapiritsi a mtima. Zipinda zambiri zopanda kanthu, agalu anatengedwa kale.

Mafunso ngati ndikukapempha mbeta. Mpanda wanu ndi wautali bwanji? Mumachoka pakhomo nthawi yaitali? Munawetapo galu? A Gladness ndiwo amayankha. Ine maso pansi.

Kumapeto kwenikweni, galu mmodzi. Wofiirira, woonda, khutu limodzi long'ambika. Ndendende agalu a kwathu. Anadzipanikiza pakona, akunjenjemera. Dzina lake Harvey. Dzina la munthu! Mkulu wathu wa mpingo ndi a Harvey. Akadzamva, kaya.

Woyang'anira ndi mayi wachizungu wa imvi mutu wonse, a Philomena. Anali m'chipinda cha galuyo, atakhala pa kampando. Anati tilowe pang'onopang'ono. Ine kuona munthu wamkulu chonchija atakhala, miyendo inangopinda yokha. Ndinagwada nkuwapatsa moni, maso kumbali. A Gladness kunditsina paphewa. "Dzuka iwe, kuno sagwada, ukundichititsa manyazi."

Ndisanadzuke, chinthu chozizira pachigongono. Mphuno. Harvey akununkhiza chitenje changa. A Philomena anangoti kukamwa yasa. Ndinadzuka msanga, galu nkuthawira pakona pake.

Akuti ngakhale iyeyu, wamanthayu, mabanja ambiri amulembetsa. Ena ali ndi nyumba za kunyanja.

Ndikumufuna. Sindinadziwe kuti munthu angafune galu chonchi.

Lachinayi, 21 Januwale

Uthenga: a Philomena adzabwera kudzaona pakhomo. Kuyendera nyumba chifukwa cha galu! Ine pokwatiwa palibe anabwera kudzaona kumene ndizikagona.

Ndakonza zonse ndekha, osauza a Gladness. Ndikufuna aone kuti nanenso ndimatha. Ndinapita kusitolo ya zitsulo, nkugula unyolo wabwino, wautali, wonyezimira. Ndaumanga pa mtengo wa mandimu kuseri. Pansi pake ndasesa, ndayala saka. Poto wakale wa madzi, mbale ya mkute.

Agalu a bambo anga sanaonepo saka. Harvey akhala ngati bwana.

A Paterson pa foni: "Wachita bwino, asamakumbe m'maluwa a eni nyumba."

Loweruka, 30 Januwale

Sindikudziwa poyambira.

Anabwera m'mawa. Ndinawapatsa tiyi, anamwa, anayamikira kuyera kwa m'nyumba. Anayeza mpanda ndi maso, nkugwedeza mutu kuti uli bwino. Kenako: "Azigona pati?" Ndinawatsogolera kuseri mtima uli m'mwamba. Ndinaloza.

Nkhope yawo inasintha ngati ndawaonetsa maliro.

Anaugwira unyolo uja, nkuusiya. Anatulutsa foni, nkundionetsa chithunzi. Harvey tsiku limene anamupeza. Atamangidwa kuseri kwa nyumba ina, eni ake atasamuka. Dzuwa. Poto wouma. Khosi lonse chilonda, unyolo utalowa m'mnofu. Ndinamuona Loweruka lija koma sindinazindikire chifukwa chake ubweya sumera m'khosi mwake.

Anayankhula zambiri, ndinagwira zochepa. Izi ndinamva: "Pepa, Tupo. Sindingathe."

M'mutu mwanga mawu anali odzaza. Kuti sindimadziwa. Kuti kwathu galu salowa m'nyumba, ndipo sikuti timamuda. Kuti ndinasankha unyolo wodula kuposa onse chifukwa chomufuna. Palibe ngakhale limodzi linatuluka. Ndinangoyang'ana pansi monga ndinaleredwera. Iwo anadikira, anadikira, kenako anapita. Mwina anaona ngati sizinandikhudze.

Kapu yawo ikadali patebulo.

Lachiwiri, 2 Febuluwale

Lokidauni. Aliyense m'nyumba, potuluka masiki. Kumapiri kukuyaka moto, phulusa likugwera pa zovala. A Paterson sangabwere.

A Gladness atamva anakuwa pa foni. "Unyolo? Mlamu! Bwenzi utandifunsa! Kuno galu amagona pa sofa, iwe!" Kenako anafewa. "Zisiye, tikupezera mphaka."

Sindikufuna mphaka.

Masana ndinapita kuseri kukamasula unyolo uja. Unanditentha m'manja ngati chiwaya, ndinauponya. Ndinakhala pa saka paja kuti ndione. Mthunzi wa mandimu nkang'onong'ono, dzuwa likafika pamutu umathawa. Sindinakhalitse. Ine ndinadzuka nkulowa m'nyumba. Harvey akanadzuka nkupita kuti?

Kwathu agalu a bambo amamangidwa nthawi ya chimanga chachiwisi yokha, ndipo pabwalo pamakhala anthu tsiku lonse. Ana, nkhuku, odutsa. Kuno kuseri kulibe munthu. Mipanda yokhayokha. Zimenezi ine ndiye ndikanayenera kuzidziwa kuposa wina aliyense.

Lolemba, 8 Febuluwale

Ndapita ndekha kumalo a agalu kuja. Ine! Sitima ya pamtunda, kenako basi, masiki kukamwa, unyolo m'chikwama ukulira njira yonse. Anthu kumandiyang'ana.

Mawu ndinawaloweza dzulo, ndikutsuka mbale. Nditafika ndinapeza anthu pakhomo, ena akufunsa ngati kwabwera agalu atsopano. Ndinatsala pang'ono kubwerera. Koma ndinalowa, nkuika unyolo patebulo pa a Philomena. Phokoso lake! Onse cheu.

Ndinanena m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Sindimadziwa. Azigona m'nyumba. Ine ndimakhala ndekha, iyenso. Ndinawayang'ana m'maso, mpaka misozi, chifukwa kuno ndi mmene amakhulupirira munthu.

Anandigwira dzanja. "Tupo, anapita Loweruka."

Banja la ana atatu, bwalo lalikulu. Ndinachedwa.

Pobwerera ndinapitirira siteshoni yanga. Sindinaione nkomwe.

Lachisanu, 12 Febuluwale

Palibe cholemba. Ndachapa makatani oyera kale.

Lachitatu, 17 Febuluwale

Ndikulemba mothamanga, zilembo zikupita kumbali.

Ndimathirira maluwa, galimoto nkuima pageti. A Philomena. Kumbuyo, pansi pa mpando, chinthu chofiirira chitadzipinda.

Amubweza! Akuti kumene anapita kuja analowa pansi pa nyumba nkukana kutuluka. Osadya. Anthuwo ndi abwino, koma amamuitana ataimirira, kumuyang'ana m'maso, ana kumuthamangira ndi manja. Iye munthu woimirira amamuopa.

A Philomena anati: "Chibwerere kwathu, munthu amene Harvey anamuyandikira yekha ndi iwe. Zija unachita tsiku lija, unaziphunzira kuti?" Kugwada? Anandiphunzitsa amayi anga, ndili kamwana. Ndinagwadira a Philomenawo, osati galu! Nditawauza anaseka mpaka kupukuta m'maso. Samadziwa kuti unali moni wawo.

Koma sanandipatse. Anati wafooka kwambiri. Amusiya mpaka madzulo. Akadya pano, akhala. Akapanda kudya, apita kwa dokotala wa ziweto, ndipo akachoka kumeneko pali mayi wina wodziwa za agalu amantha amene akumudikira.

Anamunyamula nkumutsitsa kuseri. Anathawira pansi pa mandimu, pomwe paja. Mtima wanga unagwa.

Tsiku lomwelo, masana

Ndakhala pansi m'khitchini, miyendo yotambasula, ngati kwathu posankha nyemba. Chitseko chakuseri ndatsegula. Mbale ndaika m'kati, pafupi ndi phazi langa. Nkhuku yowiritsa ndi mpunga, mopanda mchere, monga anandiuzira. Bulangete la pa ukwati wathu ndalipinda pakona. A Paterson adzamva pambuyo.

Sindikumuitana. Sindikumuyang'ana. Zokhala chete ndiye ndimazitha.

A Gladness anaimba, ndinanong'ona kuti sindingayankhule. "Zoona wakhala pansi chifukwa cha galu? Mlamu, wasanduka mzungu!" Ndinadula. Koyamba kuwadulira foni.

Matako achita dzanzi. Dzuwa lachoka pa sinki, lafika pa filiji. A Philomena sachedwa.

Harvey wachoka pa mandimu. Ndamva zikhadabo pa simenti ya khonde. Waima. Wabwerera. Wabweranso.

Ndayamba kuyankhula, pansipansi, maso pa pepala. Za ku Dowa, za mbuzi za amayi, za mvula ya Febuluwale kwathu. M'Chichewa. Mawu akutuluka okha, ambirimbiri, sindikudziwa anali kuti masiku onsewa.

Mthunzi pakhomo. Khutu long'ambika lija.

Galimoto yaima pageti. Ndamva chitseko chake. Ambuye, asagogode.

Mphuno pachala changa chakuphazi. Yozizira.

Mbale yagwedezeka. Akudya. Akudya! Ndisasunthe, ndisa